Mmene Tutankhamun Anafera ndi Mmene Anaikidwira

Cha m'ma 1323 BC, kunyumba yachifumu ya dziko la Egypt kunagwa zovuta zimene palibe anazikonzekera. Farao Tutankhamun, mnyamata wa zaka pafupifupi 19, anamwalira asanasiye mwana wodzalowa m'malo mwake, ndiponso manda oyenera mfumu asanathe kusemedwa. Alembi a nthawiyo sanasiye mawu ofotokoza chimene chinamupha, popeza sichinali chizolowezi chawo kulemba za mmene mfumu yafera. Choncho zonse zimene akatswiri amanena lero pa imfayi amazitenga pa zinthu ziwiri, thupi la malemuyo ndi mmene maliro ake anayendera, ndipo zinthu ziwirizi n'zolukanalukana. Maliro ndiwo akusonyeza kuti imfayo inabwera modzidzimutsa, koma maliro omwewo, pamodzi ndi manja a anthu amene anafukula thupilo patapita zaka zoposa 3,000, ndiwo anafafaniza zizindikiro zambiri zimene zikanaulula chimene chinachitika.

Mnyamatayu analongedwa ufumu ali ndi zaka 8 kapena 9, dziko lili pa chisokonezo chimene anasiya Farao Akhenaten, amene anatseka akachisi a milungu yakale, nalamula kuti anthu azipembedza Aten, mulungu wa dzuwa, yekha, nasamutsira likulu kumalo amene lero amatchedwa Amarna. Dzina lake loyamba linali Tutankhaten, ndipo analisintha pamene iye ndi akuluakulu omuzungulira anabwezeretsa chipembedzo cha mulungu wakale Amun. Akuluakuluwo ndiwo ankayendetsa dziko: Ay, nkhalamba imene inatumikira kunyumba yachifumu kuyambira nthawi ya Akhenaten; Horemheb, mkulu wa asilikali; ndi Maya, msungichuma. Mkazi wa Tutankhamun anali Ankhesenamun, mwana wa Akhenaten ndi Nefertiti. Mnyamatayo analamulira zaka pafupifupi 9.

Howard Carter, wofukula zinthu zakale wa ku England, anapeza makwerero otsikira m'manda a Tutankhamun pa 4 November 1922, m'chigwa chimene ankaikamo mafumu pafupi ndi Luxor, koma thupi lenilenilo analiyamba kuliunika pa 11 November 1925, ndipo zimene zinachitika masiku amenewo n'zofunika kuzimvetsa munthu asanakhulupirire nkhani iliyonse ya mabala a Tutankhamun. Okonza mtembo akalewo anathira utomoni wakuda wochuluka pathupi ndi m'bokosi, ndipo utomoniwo utauma unamatirira thupi kubokosi lagolide, mutu nawo unamatirira m'kati mwa chophimba nkhope chotchuka chija. Carter anayesa kuika bokosilo padzuwa kuti utomoni usungunuke, koma sizinathandize. Pamapeto pake madokotala Douglas Derry ndi Saleh Bey Hamdi, mogwirizana ndi Carter, anachita kulidula thupilo: anachotsa mikono ndi miyendo, analekanitsa thunthu pakati, anadula khosi, kenaka mutu anautulutsa ndi mipeni yotenthetsa pamoto. Zidutswazo anaziyalanso m'thireyi ya mchenga kuti pa zithunzi zioneke ngati thupi lathunthu. Aliyense amene waunika mtembowu kuchokera nthawi imeneyo wakhala akulimbana ndi funso limodzi pa fupa lililonse lothyoka: kodi linathyoka mnyamatayo ali moyo, kapena m'manja mwa okonza mtembo, kapena mu 1925?

Funsoli ndi limene linabala mphekesera yakuti anachita kuphedwa. Mu 1968 gulu lotsogoleredwa ndi R. G. Harrison wa ku Liverpool linajambula thupilo ndi X-ray, ndipo m'kati mwa chigaza munaoneka tizidutswa ta mafupa. Kwa zaka zambiri anthu ankafotokoza kuti mfumuyo inamenyedwa ndi chinthu kunkhongo, ndipo zala zinkaloza Ay chifukwa ndiye anapindula ndi imfayo. Koma mu January 2005 gulu lotsogoleredwa ndi Zahi Hawass linalowetsa thupilo m'makina a CT scan, ndipo chigaza chinapezeka chopanda bala la kumenyedwa. Umboni umene unathetsa nkhaniyo ndi wosavuta kuumva. Okonza mtembo atachotsa ubongo anathira utomoni m'chigaza, ndipo tizidutswa tija tikanakhalamo kale pa nthawiyo tikanamatirira mu utomoniwo. Koma tinapezeka tikungoyendayenda, kusonyeza kuti tinathyoka utomoni utauma kale.

Chimene makinawo anaonetsa m'malo mwake chinali kumwendo. Fupa la ntchafu ya kumanzere linali lothyoka pamwamba pang'ono pa bondo, ndipo mosiyana ndi mafupa ena amene anathyoledwa mu 1925, m'mng'alu wa fupa limeneli munali mutalowa mankhwala okonzera mtembo. Kuti mankhwala alowe mpaka m'fupa, ndiye kuti panali bala lotseguka pamene thupi linkafika kwa okonza mtembo. Fupalo silinasonyezenso kuti linayamba kulumikizana, kutanthauza kuti mwini wake sanakhale masiku ambiri chithyokereni. Ena m'gulu lomwelo anakayika, akumati mwina mng'aluwo ndi wa nthawi ya Carter, koma ambiri anaona kuti ndi bala la munthu wamoyo. Fupa la ntchafu likathyoka n'kuboola mnofu, munthu amataya magazi ambiri, ndipo m'nthawi imene kunalibe mankhwala opha tizilombo tolowa pabala, chilonda chotere chinkatha kutenga munthu wamphamvu m'masiku ochepa.

Nanga mfumu, munthu wosamalidwa kuposa wina aliyense m'dzikomo, ingathyoke bwanji mwendo motere? Apa m'pamene katundu wa m'manda amalankhula, ngakhale kuti amalankhula pawiri. Munapezeka magaleta 6 ophwasulidwa, opepuka, a mawilo awiri, okokedwa ndi akavalo, amene wokwera ankayendetsa ali chiimire. Munalinso mauta ambiri, mivi yochuluka ndi chovala chachikopa chodzitetezera pankhondo. Pa chokupizira china chagolide pali chithunzi cha mfumuyo ikuthamangitsa nthiwatiwa pagaleta, ndipo mawu olembedwapo amanena kuti nthenga zake zinachokera ku ulenje umene mfumu inachita m'chipululu cha kum'mawa kwa mzinda wa Heliopolis. Zonsezi zikupereka chithunzi cha mnyamata wokonda liwiro ndi kusaka, amene kugwa pagaleta sikukanakhala chinthu chachilendo kwa iye.

Koma m'manda omwewo munali ndodo zoyendera zokwana 130, ndipo kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2010 anasonyeza kuti phazi lake la kumanzere linali lopindika, mafupa ena a phazilo ali owonongeka chifukwa magazi sankafikako bwino. Kafukufuku yemweyo, poyeza DNA, anapeza kuti bambo ndi mayi ake anali pachibale cha mimba imodzi, ndiponso kuti m'thupi mwake munali kachilombo ka Plasmodium falciparum, komweko kamene kamayambitsa malungo oopsa amene timawadziwa bwino kuno. Akatswiri ena amakayikira zotsatira za DNA yotengedwa m'mitembo yakale chonchi, ndipo ena amakumbutsa kuti ndodo ku Egypt inalinso chizindikiro cha ulemerero, moti si aliyense woikidwa ndi ndodo amene anali wolumala. Pa za malungo, amene anakulira kumalo a udzudzu akudziwa kuti munthu wamkulu atha kukhala ndi kachilomboka m'magazi n'kumagwira ntchito zake, koma akadwala matenda ena kapena akataya magazi, malungowo amamugwetsa msanga. Ndi chifukwa chake gulu la 2010 linanena kuti chimene chinamupha ndi kuphatikizana kwa zinthuzi: kuthyoka kwa mwendo pa thupi limene linali lofooka kale.

Pali chinthu china chimene chimakopa anthu okonda nkhani zochititsa nthumanzi. Thupili lilibe fupa la pachifuwa, nthiti zakutsogolo palibe, ndipo mtima mulibe, pamene mwambo unali wosiya mtima m'thupi chifukwa ankakhulupirira kuti ukayezedwa pa sikelo pa chiweruzo cha akufa. Ena potengera zimenezi anati anagundidwa ndi galeta, ena anati anapondedwa ndi kavalo, ndipo dokotala wina, Benson Harer, anati analumidwa ndi mvuu. Komatu pa zithunzi zimene Harry Burton anajambula mu 1926, pachifuwa panali mkanda wa mikanda yaing'ono umene unamatirira mu utomoni, ndipo pofika 1968 mkandawo kunalibe, pamodzi ndi mafupa amene unagonapo. N'zomveka kuganiza kuti akuba a m'zaka za pakatipo anadula chifuwacho pofuna mkandawo. Ine ndikuona kuti mwendo ndiwo umboni wolimba, ndipo kumanga nkhani ya mvuu kapena ya kugundidwa pa chifuwa chimene chinagwiridwa ndi manja ambiri chonchi n'kupitirira pamene umboni walekezera. Chimene chikutsala ndi mnyamata amene anavulala kwambiri mwendo, nadwala masiku ochepa, n'kumwalira.

Kuti imfayo inali yadzidzidzi, maliro ake akuchitira umboni momveka kuposa mafupa. Mwambo unkapereka masiku 70 kuchokera pa imfa kufika pa kuika m'manda. M'masiku amenewo ankachotsa zam'kati, kuumitsa thupi ndi mchere wa natron, kulidzoza mafuta ndi utomoni, n'kulikulunga m'nsalu zabafuta, ndipo m'nsalu za Tutankhamun anakulungiramo zinthu zoposa 140, kuphatikizapo mpeni wachitsulo chimene kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti chinachokera ku mwala wogwa kumwamba. Nyengo ya malirowo timaidziwira ku maluwa. Pamabokosi anaikapo nkhata zolukidwa ndi masamba a azitona ndi a mitengo ina ya m'mbali mwa madzi, maluwa abuluu a m'minda ndi a m'mtsinje wa Nile, ndiponso tizipatso, ndipo katswiri wina, Percy Newberry, atazindikira zomerazo anapeza kuti zimapezekera pamodzi kuyambira pakati pa March mpaka kumapeto kwa April. Tikabwerera m'mbuyo masiku 70, imfayo ikugwera cha mu January kapena mu February.

Masiku 70 ndi okwanira kukonza thupi, koma si okwanira kusema manda a mfumu m'thanthwe. Manda a mafumu a nthawi imeneyo ankakhala ndi makonde ataliatali otsetsereka ndi zipinda zazikulu za nsanamira, ndipo ankayamba kuwasema mfumu ikangolowa ufumu. A Tutankhamun ali ndi kakhonde kamodzi ndi zipinda zinayi zazing'ono, kamangidwe kofanana ndi manda a nduna, ndipo chipinda chimodzi chokha ndicho chinajambulidwa zithunzi. Akatswiri ambiri amaganiza kuti manda amene ankamukonzera ndi aja ali m'chigwa cha kumadzulo, amene pambuyo pake anaikamo Ay, ndipo kuti atamwalira mwadzidzidzi anamupezera manda ena amene anali pafupi kutha, nawakuza pang'ono.

Kuthamanga kwa amisiri kukuoneka paliponse pamene munthu angayang'anitsitse. Bokosi lalikulu lamwala ndi la mwala wachikasu, koma chivundikiro chake ndi cha mwala wa mtundu wina umene anaupaka utoto kuti ufanane nalo, ndipo chivundikirocho chili ndi mng'alu pakati umene anangoumata ndi pulasitala n'kupakapo utoto. Pamene ankatsitsira mabokosi atatu ooneka ngati munthu m'bokosi lamwalalo, anapeza kuti mapazi a bokosi lakunja atalika moti chivundikiro sichikanatsekeka. Mmisiri anatenga kasemasema n'kusema zala za bokosi lokutidwa ndi golidelo pomwepo, ndipo zipalapala zake Carter anazipeza pansi pa bokosi lamwala. Tinyumba tinayi tamatabwa okutidwa ndi golide timene tinazinga bokosilo tinalumikizidwa mosemphana ndi zizindikiro zimene opala matabwa analembapo, ndipo pena pamaoneka pamene anamenya ndi nyundo kuti matabwa alowane. Pazipupa pali timadontho tofiirira timene tinabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe tinafa kalekale, ndipo katswiri wina wa ku Harvard, Ralph Mitchell, anafotokoza kuti mwina tinamera chifukwa mandawo anatsekedwa utoto usanaume.

Katundu wina sanali wake n'komwe. Pa timabokosi tagolide tosungira zam'kati mwake, ndi pa zingwe zina zagolide zomangira mtembo, pakuoneka kuti dzina la Tutankhamun linalembedwa pamwamba pa dzina lina lofufutidwa, la Neferneferuaten, amene analamulira kanthawi kochepa iye asanalowe ufumu. Nkhope ya pa bokosi lapakati nayonso sifanana ndi ya pa mabokosi enawo. Koma kungakhale kulakwa kunena kuti anamuika mosasamala. Bokosi lam'kati ndi lagolide yekhayekha wolemera makilogalamu 110, chophimba nkhope chimaposa makilogalamu 10, ndipo zinthu zonse zimene zinapezeka m'mandamo n'zoposa 5,000. Pakati pa tizifanizo 413 timene tinkayenera kukamugwirira ntchito kudziko la akufa pali tina tolembedwa kuti ndi mphatso zochokera kwa Maya ndi kwa Nakhtmin, mkulu wina wa asilikali. M'kabokosi kena munali tsitsi la Mfumukazi Tiye, amene DNA inasonyeza kuti anali agogo ake. Ndipo m'chipinda chosungiramo chuma munali timabokosi tiwiri ta makanda aakazi opita padera, okonzedwa ndi kukulungidwa mwaulemu ngati akuluakulu, amene mwachionekere anali ana ake. Amene anasankha kuika tsitsi la gogo ndi makanda awiriwa pafupi ndi mnyamatayu anali munthu womudziwa ndi womulira.

Tsiku loika malirolo linajambulidwa pa chipupa cha kum'mawa cha chipinda chimene anagonekamo thupi. Mtembo uli pa chileyi, pansi pa kadenga kokongoletsedwa ndi nkhata za maluwa, ndipo amuna 12 akukoka chingwe, atamanga tinsalu toyera kumutu monga chizindikiro cha kulira. Mawu a pamwamba pawo amawatchula kuti ndi akuluakulu a kunyumba yachifumu, ndipo awiri ometa mpala akudziwika ndi zovala zawo kuti ndi nduna zazikulu ziwiri za dzikolo.

Chithunzi cha pa chipupa cha kumpoto ndicho chili ndi nkhani yaikulu ya ndale. Thupi lisanalowe m'manda ankaliimiritsa, ndipo wansembe wovala chikopa cha kambuku ankakhudza pakamwa pake ndi kachipangizo konga kasemasema, kuti wakufayo akathe kupuma, kudya ndi kulankhula kumene akupita. Ntchito imeneyi inali ya mwana wolowa m'malo, potsatira chikhulupiriro chakuti mulungu Horus anachitira zomwezo bambo ake Osiris, ndipo amene waika mfumu m'manda ankatengedwa kuti ndiye woyenera mpando, monga mmene pa maliro a mfumu kwathu kuno anthu amayang'anitsitsa amene banja lamuika patsogolo. Pa chipupachi amene wavala chikopa cha kambuku ndi Ay, nkhalamba ikuchita mwambo wa mwana kwa mnyamata woyenera kukhala mdzukulu wake, ndipo wavala kale chisoti chaufumu, dzina lake litalembedwa monga amalembera dzina la farao. M'manda ena a mafumu m'chigwachi mulibe chithunzi chotere chotchula wolowa m'malo ndi dzina. Horemheb, amene anali ndi maudindo osonyeza kuti ndiye wachiwiri kwa mfumu, sanatchulidwe pa zipupazi. Ngati panali wina wofuna kuti maliro athe msanga, Ay anali ndi chifukwa chokwanira, ndipo zimenezi sizifuna kuti akhale wakupha. N'zokwanira kuti anaona mpata umene ngozi inatsegula.

Za mkazi wamasiye timazimva kuchokera kunja kwa Egypt. Zolemba za Ahiti, zimene zinapezeka ku Hattusa m'dziko limene lero ndi Turkey, zimasimba kuti Mfumu Suppiluliuma I ili pa nkhondo yozinga mzinda wa Carchemish inalandira kalata yochokera kwa mfumukazi ya ku Egypt, yonena kuti mwamuna wake wamwalira, iye alibe mwana wamwamuna, ndipo akupempha mmodzi mwa ana a mfumuyo kuti akhale mwamuna wake chifukwa safuna kukwatiwa ndi wantchito wake. Suppiluliuma anakayika, natuma nthumwi kukafufuza, ndipo pambuyo pake anatumiza mwana wake Zannanza, amene anafera m'njira asanalowe ufumuwo. Akatswiri ambiri amati mfumukaziyo ndi Ankhesenamun, ena amati nkhaniyi ndi ya pa imfa ya Akhenaten. Chimodzi mwa zimene amatsutsanirana ndi nyengo: ulendo wa makalata ndi nthumwi unatenga miyezi yambiri, kudutsa nyengo yozizira yonse, ndipo ngati wolemba anali Ankhesenamun ndiye kuti thupi linadikira nthawi yoposa masiku 70 lisanaikidwe. Mphete ina yolembedwa maina a Ay ndi Ankhesenamun pamodzi imachititsa ena kuganiza kuti pomaliza nkhalambayo inamulowa chokolo.

Zotsala za mwambo wa tsikulo zinapezeka manda enieniwo asanapezeke. Mu 1907 anthu ofukula m'malo mwa Theodore Davis, munthu wolemera wa ku America, anapeza kadzenje kokhala ndi mitsuko ikuluikulu, ndipo m'mitsukomo munali timatumba ta natron, nsalu zina zolembedwa dzina la Tutankhamun, mbale zoswedwa, mafupa a nyama ndi a mbalame, ndi nkhata za maluwa zovala m'khosi zosokerera pa gumbwa. Davis anaganiza kuti wapeza manda a mfumuyo ataberedwa kale. Herbert Winlock wa ku Metropolitan Museum ku New York ndiye anazindikira kuti zinali zotsala za okonza mtembo pamodzi ndi za chakudya cha pamaliro, ndipo anawerengera kuti odyawo anali anthu pafupifupi 8.

Zinthu zimenezi zikuoneka kuti poyamba zinali m'khonde la mandawo, ndipo chimene chinazichotsamo ndi umbava. Patangopita nthawi yochepa maliro ataikidwa, akuba anathyola mandawo kawiri. Tikudziwa kuti sipanapite zaka zambiri chifukwa anaba mafuta odzola, amene sachedwa kuwonongeka, ndipo m'mitsuko ina munatsala zizindikiro za zala zimene zinakokota mafutawo. Carter anapezanso mphete zagolide zomangidwa m'kansalu zitatayidwa m'bokosi lina, zimene zinamuchititsa kuganiza kuti mbala zina zinagwidwa katundu ali m'manja. Akuluakulu a boma anabwezera katundu m'mabokosi mothamanga, mlembi wina dzina lake Djehutymose nasiya dzina lake pa chimodzi mwa ziwiyazo, ndipo atatha kuba koyamba anadzaza khonde lonse ndi zibuma za miyala, zotsala za pamaliro zija nazisamutsira kukadzenje kena. Akuba achiwiri anaboola njira m'zibumazo, koma zisindikizo za pa tinyumba tam'kati tozinga thupi sizinathyoledwe.

Ay analamulira zaka pafupifupi 4, kenaka Horemheb analowa ufumu nayamba kufufuta maina a mafumu onse okhudzana ndi nthawi ya Amarna, akulemba dzina lake pa zipilala ndi zifanizo za Tutankhamun. M'ndandanda wa mafumu umene Farao Seti I analembetsa pa chipupa cha kachisi ku Abydos, dzina la Horemheb limatsatira la Amenhotep III, bambo ake a Akhenaten, ngati kuti Akhenaten, Tutankhamun ndi Ay sanakhalepo. Madzi osefukira anakwirira khomo la mandawo ndi matope ndi miyala, ndipo patapita zaka pafupifupi 200 amisiri amene ankasema manda a Ramesses VI anamanga misasa yawo pamwamba pake. Pamene manda a mafumu ena a m'chigwacho ankatsegulidwa ndi kulandidwa golide kumapeto kwa nthawi ya mafumu otchedwa Ramesses, awa anali atakwiririka pansi pa misasa ya antchito, ndipo m'ndandanda wa mafumu munalibe dzina loti n'kukumbutsa aliyense kuti awafunefune.